Tsiku limene ndinapempherera sitima yanga kuti ipse

Abale anga, ine mumandidziwa kuti si munthu wa nkhani zambiri. Pamaliro ndimakhala mpando wakumbuyo, ndipo anthu akabwera kwathu ku Matawale ndi zowavuta, ntchito yanga ndi kumvetsera, kenako tiweramitse mitu, iwo azipita. Mwina n'chifukwa chake anandisankha ukulu wa mpingo. Koma lero ndiloleni ndinene yanga, ndipo mawu a aliyense ndiwabweza momwe anatulukira pakamwa pake, ngakhale aja amene mpaka pano ndikawakumbukira ndimayang'ana pansi.

Nditapuma pa ntchito ya ukalaliki m'boma, zaka zija maofesi ambiri atasamukira ku Lilongwe, ndinapezeka ndili ndi manja awiri opanda chochita. Munthu wozolowera kudzuka, kumanga tayi, kukwera chitunda kupita ku ofesi, lero angokhala pakhonde kumawerenga nkhuku za eni? Ndiye ndinayamba kumapita kumsika kukakhala pa benchi la mnzanga a Che Ajibu, amene amakonza makina osokera ndi mawotchi. Iwo ndi Msilamu, ine Mkhristu, tinadziwana kalekale pamzere wa kuchipatala, ndipo chiyambire sitinakanganepo kupatula pa nkhani ya mpira.

Tsiku lina ndinawapeza akupala kathabwa kopyapyala ngati tsamba la nzimbe. Nditafunsa, anasolola pansi pa tebulo chinthu chokutidwa ndi nsalu, n'kuvundukula. Kanali kasitima ka matabwa, kotalika ngati mkono, kokhala ndi mlongoti, thanga, zingwe, nangula, chilichonse m'malo mwake. Akuti bambo awo ankakhoma zombo za matanga kunyanja, iwo ali aang'ono n'kumawatolera misomali. Zombozo zinatha, koma iwo anazisunga m'mutu.

"Ichi si chidole, a Malunga," anatero. "Chidole mumangosema kuti chifanane. Apa timayeza. Pamene chombo chenicheni chili ndi masentimita makumi atatu, ife timaika imodzi. Nthiti zikakhala makumi awiri kumeneko, kunonso makumi awiri. Mukaba imodzi anthu sadzadziwa, koma inu mudzadziwa, ndipo ine ndidzadziwa."

Ine amene nyanja ndinaiwonapo kawiri kokha, ulendo winawo ndili pawindo la basi, mtima wanga unangogwera pamenepo. Ndinapempha kuti andiphunzitse.

Poyamba ananditumiza kuphiri, kwa anthu ocheka matabwa m'nkhalango za paini zija, kuti ndikapemphe tizidutswa totaya. "Thabwa lauwisi musatenge," anatero, "limalira utomoni, kenako limapindika lokha ngati munthu wodwala msana. Fufuzani limene lakhalitsa padzuwa, mukaligogoda lizilira ngati mbale." Ndinakwera, ndinagogoda matabwa mpaka ochekawo anasiya macheka n'kumandionera. Potsika, amayi ogulitsa zipatso pamsewu paja anaona kamtolo kanga n'kufunsa kuti, "Agogo, nkhuni zimenezo muphikira tiyi wa kapu imodzi?" Ine ndinangomwetulira. Akanadziwa kuti ndanyamula sitima yathunthu kukhwapa.

Ntchitoyi inanditengera miyezi khumi. Ndinayamba ndi msana wa chombocho, kenako nthiti, iliyonse kuifewetsa pa nthunzi ya ketulo mpaka ivomere kupindika. Zina zinkathyoka, ine n'kuyambiranso. Matabwa a m'mbali ndinkawapala ndi lezala, limodzilimodzi, kuwamata ndi guluu, kuwapanikiza ndi zapani zoyanikira zovala. Chilichonse chimene a Che Ajibu ankanena ine ndinkachita osachotsako kanthu, chifukwa kumvera ndiye mphatso imene ndinapatsidwa. Anati kunsi kwa chombo kukhale kwakuda ngati kopakidwa phula la moto, ine ndinasakaniza mwaye ndi phula la njuchi n'kupaka. Anati zingwe zabwino ndi ulusi wakuda uja amayi amamangira tsitsi, ine ndinakaugula, wogulitsa akundiyang'ana dazi langali. Anati timagudumu todutsamo zingwe tipange ndi mikanda ing'onoing'ono, ndinapeza yofiira ndi yoyera. Anati thanga lisakhale loyera ngati la ukwati, ndinaliviika m'makungwa mpaka linafiirira. Anati afumbwe amadana ndi mafuta a nsatsi, ndinapaka mkati monse. Mgolo wa madzi akumwa ndinapangira kamphonda kakang'ono ngati chala chachikulu, n'kukatseka ndi kachitsotso. Pamapeto ndinasema amalinyero asanu ndi awiri, aliyense wamtali ngati kachala kakanise, n'kuwakhazika m'malo mwawo.

Inu amene munakulira m'Malawi muno mwayamba kale kuona kumene nkhaniyi ikupita. Ine ndekha ndi amene sindinkaona.

Zonsezi ndinkachita mobisa, m'kachipinda ka kuseri komwe timasungamo makasu. Ndinkachita manyazi. Mkulu wa mpingo, wa imvi m'ndevu, kumasema tianthu? Kwa mayi a kunyumba, amake Tadala, ndinanena kuti ndikukonza mipando. Iwo anangofunsa kamodzi kuti, "Mipando yake iti?" Nditakhosomola, sanafunsenso.

Mwezi wa Ogasiti ndinamaliza, n'kupaka vanishi womaliza. A Che Ajibu anali asanaionepo sitimayo chiyambire, ankangomva malipoti, ndipo tinagwirizana kuti Lachinayi mmawa adzadutsa kwathu asanakatsegule benchi kuti adzaiweruze. Anandichenjeza kuti vanishi aumire pamalo podutsa mphepo, popanda fumbi, posafika manja a anthu. Ndinazungulira pakhomo ponse kufunafuna malo otero. Pakhonde pali fumbi, pawindo pali anthu odutsa. Ndiye nzeru inandibwerera, nzeru ya munthu amene anagwira ntchito m'boma zaka makumi atatu: padenga la bafa.

Lachinayi kutangocha ndinakwera pa mpando n'kuikhazika pamalatapo. Apa ndiye panali pa kulakwa kwanga koyamba, ndipo sindingakane kuti kunachokera m'kunyada. Ndikanatha kulipinda thanga lija. Koma ndinafuna kuti mphunzitsi wanga akamalowa pageti aione ili chiimire ngati ili panyanja, choncho ndinalitambasula lonse, n'kumangitsa zingwe zake bwinobwino. Ndinaima pansi n'kuiyang'ana, kumbuyo kwake kuli phiri la Zomba, dzuwa likuwala pa vanishi. Ndinathokoza Mulungu chifukwa cha manja. Kenako ndinatenga Baibulo n'kupita ku mapemphero a mmawa.

Kodi mwezi wa Ogasiti mphepo imachita chiyani ku Zomba kuno? Nanga thanga analipangira chiyani?

Ndikubwerera, nditangofika pa mjigo, ndinakumana ndi a Nachisale, amene timagawana nawo mpanda. Ndi mayi wamasiye, wogulitsa mandasi, munthu wolimba mtima, koma tsiku limenelo chitenje chinali chokhota, mpweya uli m'mwamba.

"Akulu a mpingo, Mulungu wakubweretsani. Ndimapita kukakutengani. Kwanga kwagwa ndege."

"Ndege, mayi?"

"Ya anthu oyenda usiku. Ndinali m'khitchini ndikukazinga, ndangomva kuti phwa pa mulu wa makoko a nandolo. Kutuluka, ndiyo ili apo, anthu ake ali momwemo. Yachedwa kubwerera, dzuwa laipeza panjira."

Munthu wanzeru akanati tiyeni tikaone kaye. Ine ayi. Ndinakweza Baibulo pachifuwa, ndipo pamaso pa amayi onse a pamjigo ndinanena mawu awa, ndikuwabwereza momwe analili: "Musaope, mayi. Chilichonse chimene chagwa pakhomo panu, lero lomwe chipsa, ndipo mwini wake achita manyazi pamaso pa anthu." Amayi aja anati ameni, ena anasiya zidebe n'kutitsatira.

Mwa maulosi onse amene ndinanenapo m'moyo wanga, umenewu wokha ndi umene unakwaniritsidwa msanga, makamaka mbali yomalizayo.

Pakhomo pa a Nachisale panali podzaza. Ogulitsa makala, ophunzira a ku koleji amene amachita lendi m'nyumba za kuseri, amayi obereka ana, onse atapanga bwalo lalikulu, pakati n'kusiya malo ngati pali njoka. Mafoni ojambula anali asanachuluke nthawi imeneyo, ndipo pa ichi ndimathokoza mpaka lero. Atandiona anapatuka. "Apatseni njira akulu a mpingo." Ndinalowa ndi mapazi a munthu wodziwa ntchito yake.

Inali itakhala pamwamba pa makoko a nandolo, yopendekera pang'ono kumanzere monga chimachitira chombo chikamakhota, thanga lili chitambasukire. Sitima yanga.

Ndikuuzeni zoona, chinthu choyamba chimene ndinamva mumtima sichinali mantha. Ndinayang'ana denga la bafa langa kuseri kwa mpanda, ndinayang'ana pamene yatera, ndipo mumtima ndinati: yayenda. Yatsetsereka pamalata, yadumpha mpanda, yatera chiimire. Miyezi khumi ija sinapite pachabe. Mantha anabwera pambuyo, pamene ndinamva mawu a a Makwinja.

A Makwinja ndi mlonda wopuma, amakhala nyumba yachitatu kuchokera kwathu, ndipo pa nkhani zoterezi amadziyesa katswiri. Anali atagwira kamtengo katali, akulozera chimodzichimodzi ngati mphunzitsi pa bolodi.

"Taonani kunsiku, kwakuda. Mwaye wa kumanda umenewu. Ulusiwu mukuudziwa amayi, ndi wa m'mutu mwanu, amatola mukamametana. Mikanda iyi, yofiira ndi yoyera, sindinena zambiri pali ana. Kansalu aka kofiirira, mukuganiza kuti anakaviika m'chiyani? Nanga aka," anagogoda kamgolo kanga ka madzi, "nsupa. Tanunkhizani mphepoyi. Nsatsi zokhazokha."

"Nanga yagweranji pano?" anafunsa wina.

"Mafuta anaithera," anatero a Makwinja.

"Iyayi," anatero a Nachisale, "pakhomo panga ndi popemphera. Ikanadutsa bwanji?"

"Tianthuto ndi asanu ndi awiri," anatero mayi wina. "Tawerengani amene akudwala mumzere uno."

Anayamba kuwerengadi, n'kufika pa asanu, kenako anawonjezera a Gama amene anathyoka mwendo pa njinga kuti chiwerengero chiyandikire.

Apa ndi pamene ndikanati, abale, pepani, ndi yanga. Mawu anayi okha. Koma taganizani inuyo. Mwangomva umboni wonse uja, mwaye, ulusi, mikanda, nsupa, nsatsi, ndipo chilichonse n'choona, munaikamo ndinu ndi manja anu, mobisa, miyezi khumi, m'kachipinda kotseka, mukunamiza akazi anu kuti mukukonza mipando. Mukanayamba ndi liwu liti? Nditatembenuka ndinaona amake Tadala ataima pampanda, manja atapinda pachifuwa, akundiyang'ana ndi nkhope yofatsa kwambiri.

"Pempherani, abambo," anatero. "Zinthu zimenezi inu ndi amene mumazidziwa bwino."

Anthu anavomereza kuti inde, akulu a mpingo amazidziwa. Ine ndekha ndinamva chimene mayiwo ankatanthauza, ndipo ndinazindikira kuti kachipinda kaja ankakasesa ndikachoka.

A Makwinja anatuma munthu kukatenga palafini ndi machesi. Ine ndinati tiyeni titseke maso, poganiza kuti pemphero likatalika anthu atopa, amakala akagulitsa makala, ophunzira athamangira kalasi, ine nditsala ndi a Nachisale tiwiri n'kuwafotokozera mwaulemu. Ndinayambira kwa Adamu. Ndinadutsa kwa Nowa, ndipo apo ndinachedwapo ndithu, kukumbutsa Ambuye kuti si chombo chilichonse chimene chili choipa. Ndinapempherera odwala, a m'ndende, a paulendo, boma, otsutsa boma, ana a sukulu, mbewu za chaka chamawa. Nditatsegula diso limodzi, anthu anali atawonjezekera. Ena anali atagwada. Mayi wina kumbuyo ankanong'oneza mnzake kuti, "Ukumva? Chinthucho n'champhamvu, taona akulimbana nacho thukuta lili kamukamu."

Thukuta linalipodi.

Mawu atandithera ndinati ameni, n'kuyesa nzeru ina. Ndinati, "Abale, chinthu chotere sitiwotchera pakhomo pa munthu, utsi wake ungalowe m'nyumba. Ndipatseni ndichinyamule ndekha, ndikachiwotchere kuphiri."

Bwalo lonse linang'ung'udza moyamikira. A Nachisale anagwira pachifuwa. "Mwaona munthu wa Mulungu? Akufuna kuchigwira ndi manja." Mayi wina anati ngati n'choncho tonse tiwaperekeze tikuimba. Koma a Makwinja anapukusa mutu.

"Akulu a mpingo, ulemu wanu, koma izi si za m'buku. Chimapsera pomwe chagwera. Chikamapsa, mwini wake amamva kutentha kulikonse kumene ali, amabwera yekha akuthamanga. Tikufuna timuone."

"Mwina ali kutali," ndinatero ine.

"Ali pafupi," anatero a Makwinja. "Ine mtima ukundiuza kuti ali pafupi kwambiri."

Palafini anafika, m'botolo la mafuta ophikira. A Makwinja anawazira makoko a nandolo kuzungulira sitimayo, fungo n'kukwera. Ndinayang'ana woyendetsa wanga atagwira chiwongolero, kamunthu kamene ndinakasema katatu chifukwa manja ankathyoka. Anakhwatcha machesi oyamba, mphepo inazimitsa. Achiwiri, inazimitsanso. Anthu anabwerera m'mbuyo. "Chikukana moto." A Makwinja anagwada, n'kutchinga ndi jekete, n'kusolola achitatu. Ine mpaka lero sindidziwa ngati ndikanalankhula.

Belu la njinga linalira kumbuyo kwa anthu. Anali a Che Ajibu, atavala mkanjo wawo wotuwa ndi kofia, akubwera ku Lachinayi lathu lija. Atapeza kwathu kulibe munthu anatsata phokoso. Anatsamiritsa njinga pa mpanda, anapereka moni, anafunsa kuti kwagwanji, a Nachisale n'kuwafotokozera zonse. Iwo anamvetsera mpaka kumapeto. Anayang'ana sitimayo, anandiyang'ana ine, anayang'ana botolo la palafini. Ndinawapempha ndi maso kuti anene ndiwo. Sananene.

"Achimwene, taimani kaye ndi machesiwo," anawauza a Makwinja. "Ine kwathu ndi kunyanja, zoterezi ndinazionapo. Ndiloleni ndione mmene anachipangira."

Anavala magalasi awo okonzera mawotchi, ananjuta pafupi, manja ali kumbuyo. Anayang'ana nthawi yaitali. Kenako anadzuka n'kupukusa mutu mwachisoni.

"Wotchani," anatero. "Palibe chotaya apa. Mfiti imeneyi ndi yaulesi. Taonani thabwa la m'mbalili, lakhota ngati mchira wa galu. Sanayeze, anangoyerekeza ndi maso. Mlongoti wapendekera kutsogolo, kaya anali ataledzera. Nthitizo ndikukhulupirira kuti anaba ziwiri kapena zitatu, anthu otere amatero. Ntchito ya sabata imodzi iyi, ya munthu wopanda manja."

Abale anga, ndinapirira kutchedwa mfiti. Ndinapirira mwaye wa kumanda, ndinapirira nsupa, ndinapirira machesi awiri. Koma sabata imodzi?

"Nthiti zilipo makumi awiri!" Mawuwo ndinawamva akutuluka ngati akulankhula munthu wina. "Werengani, a Che Ajibu, suzumirani mkatimo muwerenge. Thabwalo silinakhote, linapindidwa dala kuti mutu wa chombo ukwere, munandiuza ndinu nomwe. Mlongoti umapendekera kutsogolo pa zombo za thanga limodzi, ndinayeza katatu ndi rula. Miyezi khumi, bambo, zala izi zinatha ndi lezala, inu mukuti sabata imodzi?"

Nditamaliza ndinapeza ndaima pakati pa makoko a palafini, sitima ili m'manja mwanga, Baibulo lili kukhwapa. Nkhuku ya a Nachisale inadutsa pakati pa bwalo osafulumira.

"Ndinanena ine," anatero a Makwinja pang'onopang'ono, "kuti abwera yekha."

A Che Ajibu anali atatembenukira kumpanda, mapewa akugwedezeka ndi kuseka. Atapukuta misozi m'magalasi anakweza dzanja n'kuuza anthu kuti munthuyu ndi wophunzira wawo, kuti chimenechi ndi chifanizo cha zombo zimene bambo awo ankakhoma, ndipo wofuna kuona china apite kumsika pa benchi lawo, chilipo pansi pa tebulo. Amake Tadala nawo anaikira umboni ali pampanda pomwepo.

"Ndi yawodi. Chichokere Okutobala ketulo yanga imanunkha paini. Ndimangodikira kuti mipando ija idzatuluka liti."

Ena anaseka, koma a Makwinja sanakhutire. Anandiloza ndi kamtengo kaja. "Nanga nsupayo? Nanga anthuwo?"

Apa ndiye ndinamasuka, chifukwa miyezi khumi yonse ndinalibe womuuza. Ndinatsegula kamphonda kaja kuti aone kuti n'kopanda kanthu. Ndinatchula amalinyero mmodzimmodzi ndi ntchito yake, uyu wa chiwongolero, awa awiri okoka thanga, uyu wa nangula, uyu wokapa madzi, uyu wophika, uyu woyang'ana miyala kutsogolo. Ndinafotokoza chifukwa chake thabwa lauwisi silifunika, mmene nthunzi imafewetsera nthiti, mmene timagawira masentimita makumi atatu kuti atsale imodzi. Ndinapempha pepala kuti ndiwalembere masamu ake. Amakala anayamba kuchoka. Ophunzira anakumbukira kuti ali ndi kalasi. Amayi aja anakumbukira zidebe zawo. Zimene pemphero langa linalephera, masamu anazichita pa mphindi zochepa.

A Makwinja anapirira mpaka pa mfundo za zingwe, kenako anatseka botolo lawo. "Basi, akulu, ndamva. Mfiti singalongosole chonchi. Uwu ndi ukalaliki basi."

Tinatsala anthu anayi. A Che Ajibu anatenga sitimayo m'manja mwanga, anaitembenuza, anasuzumira mkati milomo ikuwerenga, anadina thabwa lililonse ndi chala. Kamtengo ka kumphuno kwa sitimayo kokha ndi kamene kanali katang'aluka pang'ono.

"Makumi awiri," anatero. "Yagwa kuchoka padenga, ndipo palibe thabwa limene lamasuka. Bambo anga akanakulembani ntchito, a Malunga."

Ndinafuna kuyankha modzichepetsa monga ayenera mkulu wa mpingo, koma nkhope inandikana, inangomwetulira yokha. A Nachisale ndi amene anandibweza pansi. Anali ataima manja m'chiuno, akuyang'ana makoko awo amene ankafuna kudyetsa mbuzi, tsopano onunkha palafini.

"Akulu a mpingo, ndifunse nawo. Inu mumadziwa kuti ndi yanu chifikireni?"

"Ndimadziwa, mayi."

"Ndiye pemphero lonse lija, ife maondo akupweteka pansi, mandasi anga akupserera, inu mumapempha chiyani?"

Ndinaganiza zonama, koma tsiku limenelo ndinali nditanama zokwanira.

"Pakamwa ndimapempherera dziko, mayi. Mumtima ndimapempha mvula."

"Mu Ogasiti?"

"Ndimadziwa kuti n'zovuta. N'chifukwa chake ndinatalikitsa."

Anandiyang'ana, n'kuseka mpaka anakhala pansi pa mtondo. Kenako anandilamula kuti ndipempherenso, lalifupi, la munthu wopepesa, ndipo mawa lake ndiwapezere makoko ena a mbuzi. Zonse ziwiri ndinachita.

Sitimayo lero ili pabalaza, pamwamba pa kabati, ndipo mlendo aliyense amene walakwitsa n'kuifunsa amachoka atadziwa kupinda nthiti. Yachiwiri ndikuipangira pakhonde, masana, aliyense akuona, a Makwinja n'kumaima panjira kundiuza kuti mlongoti wapendekera. Padenga sindidzaikanso kanthu kokhala ndi thanga, ngakhale kunja kutakhala bata lotani. Ndipo masiku ano munthu akandithamangira kuti akulu a mpingo, kwathu kwagwa chinthu, bwerani mudzapemphere, sindilonjeza moto ndili panjira. Ndimayamba ndafunsa mofatsa kuti, "Pepani, chili ndi mlongoti?"